Lipoti la nkhani: matenda a m'mimba pambuyo pa chinkhoswe ku Mabvuku

Lipoti lino ndi la matenda otsegula m'mimba amene anagwira alendo a pa chinkhoswe china ku Mabvuku, kum'mawa kwa mzinda wa Harare, m'mwezi wa Okutobala. Anthu anadwala m'magulu awiri, pa masiku osiyana, ndipo magulu onsewo gwero lake linali nkhuku, ngakhale kuti ena mwa odwala a gulu lachiwiri nyamayo sanailawe n'komwe. Ine ndine mlangizi wa zaumoyo, ndipo ntchito yanga ndi kulondola kumene matenda a m'madzi ndi a m'zakudya achokera. Lipoti la ku ofesi linapita kale. Lino ndalembera amayi a m'mipingo, a m'mabungwe a maliro, ndi aliyense amene amapatsidwa udindo wa kumafuwa pa zochitika zathu. Mabanja onse awiri anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe, bola mayina asatchulidwe.

Mmene zinayambira

Lamlungu m'mawa kiliniki ina ya m'deralo inalandira anthu a nyumba zosiyanasiyana, onse dandaulo lake limodzi: m'mimba mukupotokola, chimbudzi madzi okhaokha, usiku wonse akuthamangira kuseri. Ku Harare kuno namwino akamva zimenezi amayamba waganiza za kolera. Mliri wa 2008 mpaka 2009 unagwira anthu oposa 98,000 m'dziko muno la Zimbabwe ndi kupha oposa 4,000. Mu Sepitembala 2018 unabukanso m'malokeshoni a Glen View ndi Budiriro, ndipo mu 2023 unabweranso. Tayifodi nayo imangosinthasintha malokeshoni. Tsono a ku kiliniki anayeza chimbudzi cha odwala angapo ndi kachida koyezera kolera, n'kutidziwitsa tsiku lomwelo. Kolera sinapezeke.

Chinachotsa maganizo athu pa madzi n'chakuti odwalawo samwa madzi amodzi. Ena ndi a ku Mabvuku komweko, otunga pa mjigo. Ena anali alendo a ku Chitungwiza ndi a ku mafamu a cha ku Norton amene anagona kwa abale atachedwa ndi mwambo. Chowalumikiza onsewa chinali chakudya cha Loweruka masana.

Mabanja onse awiri ndi athu a kuno, zidzukulu za makolo amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito nthawi ya chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963. Akuchikazi kwawo ndi ku Dedza, akuchimuna ku Ntcheu. Ana ambiri Chichewa amachimva kuposa kuchilankhula, koma mwambo wa chinkhoswe sanautaye: tambala ndi thadzi zinasinthanidwa, ankhoswe ananyemerana nkhuku yootcha, zonse mwa dongosolo lake. Ophika anali akuchikazi, monga eni khomo.

Pofika Lolemba nkhani inali itafika pa mwana wakana phala. Odwala ambiri a usiku woyamba anali akuchimuna, pamene mayi a mkwatibwi, azakhali ake ndi ena onse a kumafuwa ankangoyenda bwinobwino. Nkhoswe ya kuchimuna inandiimitsa pa geti ndisanakhale n'komwe. "Alangizi, tiuzeni zoona, musatibise. Adwala ndi athu okhaokha bwanji, eni mphika ali gwa?" Mawu akuti "atithirira" anali atayenda kale pa WhatsApp mpaka ku Ntcheu. Kufufuza kwathu sikunali kwa zaumoyo zokha ayi, ukwati wa ana awiri unali pachiswe.

Zimene odwala anatiuza

Alendo analipo oposa 80. Mayina tinawatenga kwa ankhoswe ndi m'kabuku kolembamo mphatso, ndipo tinalankhula ndi ambiri a iwo, ena maso ndi maso, ena pa foni. Aliyense, wodwala ndi wosadwala yemwe, tinamufunsa zofanana: anadya chiyani, nthawi yanji, ndipo ngati anadwala zinayamba liti. Wosadwala ndi wofunika zedi pa ntchitoyi, chifukwa ndi amene amachotsa mlandu pa zakudya zosalakwa. Nsima, mpunga, thobwa ndi masamba zinadyedwa ndi pafupifupi aliyense, odwala ndi abwinobwino mofanana, ndiye tinazisiya.

Gulu loyamba, anthu oposa 20, linayamba kudwala pakati pa 10 koloko usiku wa Loweruka ndi 4 koloko m'bandakucha. Chakudya chinayamba kugawidwa cha m'ma 2 koloko masana, kutanthauza kuti panadutsa maola 8 mpaka 14. Thupi silinatenthe, osanza anali ochepa kwambiri, ndipo pofika Lolemba m'mawa ambiri anali atadzuka kupita ku ntchito. Onse anadya nkhuku ya msuzi.

Gulu lachiwiri linali laling'ono koma lowopsa. Anayamba Lamlungu usiku, ena Lolemba, womaliza Lachiwiri. Awa thupi linatentha, mutu ukuwawa, akusanza, ndipo kutsegula kunakhala masiku angapo. Anali a mbali zonse ziwiri. Mwa iwo munali mwana wa zaka 4 ndi agogo aakazi a mkwati, amene onse anagonekedwa m'chipatala. Agogowa nkhuku ya chizungu sadya chibadwire, amati ilibe kukoma. Anadya nsima, masamba ndi saladi ya kabichi wothira mayonezi. Saladi imeneyi ndi imene odwala onse a gulu lachiwiri anaidya.

Ulendo wa nkhuku kuyambira Lachinayi

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ndinakhala ndi amayi ophika pakhonde, tikubwereza zonse ola ndi ola, ndipo anandithandiza mosabisa chilichonse.

Nkhuku 25 zoyera anagula zamoyo kwa mayi wina wa mumsewu womwewo amene amaweta kuseri kwa nyumba, monga achitira ambiri m'malokeshoni. Khola lake tinakaliona: utuchi wouma, nkhuku zamphamvu, palibe yakufa kapena yozyolika. Mayiyu nayenso anali atayamba kulozedwa chala, koma palibe chimene analakwa. Nkhuku yathanzi, yonenepa, yodya bwino, ikhoza kukhala ndi mabakiteriya a Salmonella ndi Campylobacter m'matumbo mwake osadwala. Potumbula, matumbo akang'ambika pang'ono, kapena nkhuku zambiri zikaviikidwa m'madzi amodzi posozola nthenga, tizilomboti timafalikira pa khungu ndi pa nyama. Nkhuku yaiwisi iliyonse, ya m'khola la oyandikana nawo, ya ku msika waukulu wa Mbare Musika kapena ya m'sitolo yaikulu ya m'tauni, iyenera kugwiridwa ngati ili nato.

Anazizinga Lachinayi madzulo, kuti Loweruka ntchito ichepe. Zonse 25, zikadali zofunda, anaziunjika m'firiji yaikulu ija yotsekula pamwamba, yobwereka kwa anansi. Magetsi anazima m'bandakucha wa Lachisanu ndipo sanayake mpaka usiku. Wokhala ku Harare izi sizimudabwitsa. Madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, kumene amapangira magetsi, mu 2019, ndiponso kumapeto kwa 2022, malokeshoni ambiri ankakhala maola mpaka 18 pa tsiku opanda magetsi, ndipo kuzima sikunasiyiretu. Firiji yodzaza ndi nyama youma kale gwa imasunga kuzizira maola pafupifupi 48 ngati siitsekulidwa, yodzaza theka maola 24. Koma imeneyo ndi nyama youma kale. Mulu wa nkhuku zofunda, woikidwa nthawi imodzi, suuma m'maola ochepa. Amayi anandiuza okha kuti Lachisanu masana za m'mbali zinali zolimba, za pakati zili wofuwofu.

Lachisanu masana anazitulutsa n'kuziika m'mabeseni awiri a madzi pansi pa mtengo wa mango kuti zolimbazo zisungunuke. Zinakhala mmenemo mpaka dzuwa kupendeka, madzi osasinthidwa. Okutobala ndi mwezi wotentha kwambiri kuno, masana amafika madigiri 30. Ndisawaweruze amayiwa msanga: ku Mabvuku madzi a pampopi ndi osowa, ndowa iliyonse ndi ya pa mzere wa pa mjigo kapena yogula, ndipo madzi amene analipo ankawerengera nsima, thobwa ndi kusamba m'manja kwa alendo. Koma mabakiteriya amaswana pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo madzi ofunda a magazi a nkhuku ali pakati penipeni pamenepo.

Madzulo anadula nkhukuzo pa tebulo lalikulu lamatabwa la kuseri. Zidutswa zabwino, ntchafu ndi zidali, anazibwezera m'firiji kuti akazinge m'mawa. Zotsala zonse, mapiko, misana, makosi, nthutumba ndi ntchafu zina, anaphika msuzi usiku womwewo m'miphika iwiri ikuluikulu ya pa ukwati. Msuzi unapsa cha m'ma 10 koloko usiku. Unabwata mokwanira, ndipo ophika onse anadyera nsima usiku umenewo, ukadali wa moto. Kenaka anavundikira miphikayo, n'kuisiya pa mafuwa moto utazima.

Tebulo analipukuta ndi kansalu konyowa. Mipeni ndi mabeseni anazitsukuluza m'madzi omwe aja, opanda sopo. M'mawa wa Loweruka atsikana anadulira kabichi ndi karoti pa tebulo lomwelo ndi mipeni yomweyo, n'kusakanizira saladi m'beseni limodzi mwa aja munali nkhuku. Saladi inatha kukonzedwa cha m'ma 9 koloko, n'kukhala pamthunzi yovundikira ndi nsalu mpaka 2 koloko.

Nanga msuzi? Cha m'ma 12 koloko anasonkhezera nkhuni zochepa pansi pa miphika. Mafuwa ena onse anali ndi nsima ndi mpunga, nkhuni zikuthanso. Sanautakase, ndipo chifukwa chake wophika aliyense achimva: nkhuku zoyerazi, za masabata 6 okha, ukazitakasa zitapsa kale zimaphwasuka, mlendo n'kulandira mafupa ndi nyenyeswa. Msuzi unangofunda, osabwata. Ankhoswe ndi akuluakulu a pa tebulo lapamwamba analandira nkhuku yokazinga ya m'mawa womwewo, yochokera m'mafuta owira. Khamu la akuchimuna, limene linafika mochedwa pa makombi (maminibasi) awiri, ndilo linagawiridwa msuzi. Ophika anali otanganidwa, ndipo ambiri anangodya nsima ndi masamba ataimirira.

Chimene chinachitika mumphika

Mmene gulu loyamba linadwalira, maola 8 mpaka 14, kupotokola ndi kutsegula popanda kutentha thupi, kuchira tsiku limodzi, ndi mmene amachitira bakiteriya wotchedwa Clostridium perfringens. Ameneyu ndi wa miphika ikuluikulu ya pa maliro, pa ukwati ndi m'masukulu ogonera konko. Amapanga timbewu tolimba timene sitifa ngakhale msuzi ubwate. Kubwatako kumapha mabakiteriya ena ambiri, kumachotsanso mpweya mumsuzi, ndipo iyeyu amakula bwino popanda mpweya. Mphika waukulu wovundikira umazizira pang'onopang'ono, pakati pake pamakhala pofunda usiku wonse, timbewu tija n'kumera. Pa madigiri 43 mpaka 47 chiwerengero chake chikhoza kuwirikiza kawiri pa mphindi 10 zokha. Msuzi uja unakhala maola 16. Munthu akameza mabakiteriya ochuluka chotere, amakatulutsa poizoni m'matumbo, ndipo ndi poizoniyo amene amatsegula m'mimba.

Ichi ndicho chinayankha funso la nkhoswe ija. Msuzi wa Lachisanu 10 koloko usiku unali wabwino, n'chifukwa chake ophika sanadwale. Wa Loweruka 2 koloko masana unali utasanduka kale, popanda dzanja la munthu kuthiramo kanthu. Tinapezanso ana atatu a kuchikazi ndi malume ake enieni a mkwatibwi amene anadya msuzi Loweruka, ndipo onse anatsegula m'mimba usiku womwewo. Iwowa anangokhala chete kunyumba chifukwa cha manyazi.

Mayi a mkwatibwi anandikanira poyamba. "Bambo, ine ndaphika pa maliro ndi pa maukwati kuyambira muli mwana. Msuziwo ndinaununkhiza, ndinaulawa. Sunasase." Ananena zoona, ndipo apa ndi pamene ophika odziwa ntchito amagwera. Mabakiteriya amene amawoletsa nyama n'kuinunkhitsa ndi ena, odwalitsa munthu ndi enanso. Clostridium perfringens, Salmonella ndi Campylobacter sasintha fungo, mtundu kapena kukoma. Mphuno imakuchenjezani za nyama yowola basi. Ukanabwata msuzi uja ponseponse, wotakasidwa mpaka pansi, mabakiteriya oswana usikuwo akanafa ndipo gulu loyamba silikanadwala. Koma si nthawi zonse pamene kubwatitsanso kumapulumutsa: Staphylococcus aureus, wochokera m'mphuno ndi m'zilonda za pa manja a wophika, ndi Bacillus cereus wa mu mpunga wogona, amasiya poizoni m'chakudya momwemo amene moto sumuwononga. Awiriwa amasanzitsa pasanathe maola 6, ndipo pa chinkhoswechi sitinaone zotero.

Gulu lachiwiri linali la Salmonella. Chimbudzi cha mwana uja chitayezedwa ku labu anapezamo Salmonella wa mtundu wosakhala wa tayifodi. Nthawi yake imagwirizana: matendawa amayamba maola 6 mpaka 72 munthu atadya. Njira yake inali tebulo, mpeni, beseni ndi kansalu kopukutira. Nkhuku inapita pa moto, tizilombo take n'kufa. Kabichi sanapite pa moto. Anatola madzi a nkhuku yaiwisi imene inakhala m'mawa wonse m'firiji yozima ndi masana onse m'madzi ofunda, kenaka n'kukhala maola 5 pa kutentha kwa Okutobala. Anthu amakonda kunamizira mayonezi. Mayonezi a m'botolo ogula kusitolo ali ndi viniga wambiri ndipo kawirikawiri si amene amayambitsa. Vuto limakhala pa zimene zasakanizidwa nawo ndi pamene zadulidwira.

Chithandizo

A gulu loyamba sanafunike china koma madzi. Kuno timaphunzitsa botolo la Mazoe la mamililita 750 la madzi owiritsa kapena othira mankhwala, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Abale ochokera ku Malawi amadziwa Thanzi, paketi imodzi pa lita imodzi. Chimene chinandidandaulitsa n'chakuti nyumba zingapo zinali zitagula kale makapisozi ndi Flagyl kwa ogulitsa mumsewu n'kumwetsa aliyense, ana omwe. Pa matenda a gulu loyamba mankhwalawa alibe ntchito, munthu amachira yekha, ndipo kumwa mwachisawawa ndi kumene kukuchititsa kuti mankhwala asiye kugwira pa tsiku limene afunikadi. Mapiritsi oimitsa kutsegula nawo si a ana, si a munthu wotentha thupi kapena wochita chimbudzi cha magazi.

Mwana uja anafika ku chipatala maso atalowa, osakodza kuyambira m'mawa, akusanza chilichonse. Anamuika dripi, kenaka madzi akumwa ndi zinki wa mamiligalamu 20 tsiku lililonse, amene amaperekedwa kwa masiku 10 mpaka 14. Anatuluka ali bwino. Agogo anakhalitsako, ndipo iwo madokotala anawapatsa mankhwala opha mabakiteriya chifukwa cha msinkhu. Salmonella wa mtunduwu kwa munthu wamphamvu amathera m'matumbo, koma kwa okalamba, makanda, ana onyentchera kapena odwala malungo, ndi anthu amene ali ndi HIV chitetezo chitatsika, amatha kulowa m'magazi n'kupha. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akulemba za vutoli kwa zaka zambiri. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera mu 2015 kuti mu Africa anthu oposa 91 miliyoni amadwala chaka chilichonse ndi zakudya zoipa, ndipo 137,000 amamwalira. Palibe anamwalira pa chinkhoswechi.

Zimene ndinalangiza, ndi zimene ndinasiya

Malangizo a m'mabuku ndi omveka: nkhuku yaiwisi isungidwe pansi pa madigiri 5 kwa tsiku limodzi kapena awiri basi, yofuna kukhalitsa iumitsidwe pa madigiri 18 pansi pa ziro, chophika chisakhale panja kupitirira maola 2. Koma kuuza mayi wa ku Mabvuku kuti adalire firiji ndi kumunamiza, pamene firiji wamba imasunga kuzizira maola 4 okha magetsi akazima, ndipo imeneyo ndi yosatsekulidwa. Langizo langa lalikulu linali lakale, limene agogo athu ankalitsata osadziwa dzina la bakiteriya aliyense: nkhuku ikhale yamoyo mpaka tsiku loidya. Ikadali m'khola siwola, sifuna magetsi. Pa chochitika chachikulu izi zikutanthauza kudzuka 3 kapena 4 koloko m'bandakucha ndi anthu okwanira ozinga, osozola ndi otumbula, msuzi n'kupsa pafupi ndi nthawi yogawa, n'kukhala pa moto ukunyeka pang'ono mpaka mlendo womaliza. Ndi ntchito yowawa. Kuphikiratu dzulo lake n'kotheka pokhapo pali firiji ya sola kapena jenereta yodalirika, ndipo msuziwo ugawidwe m'ziwiya zing'onozing'ono zosazama kuti uzizire msanga, osati kulowetsa mphika wonse. M'mawa ubwatenso ponseponse. Woopa kuphwasuka aphule nyama isanafeweretu.

Pa za kutsuka nkhuku ndimasiyana pang'ono ndi zimene anthu amawerenga pa intaneti. Mabungwe a zaumoyo a ku America ndi ku Britain amaletsa kutsuka nkhuku yaiwisi, chifukwa madzi amathovokira pa sinki, pa mbale ndi pa zovala, n'kumwaza tizilombo m'malo mochotsa. Pa nkhuku ya m'paketi, yotumbulidwa kale ku fakitale, akunena zoona: ichoke m'paketi kupita mumphika. Koma yozinga nokha ili ndi magazi, nthenga, nthawi zina zitosi, ndipo palibe angaiphike yosatsuka. Tsukirani panja, kutali ndi pamene pali masamba ndi mbale, m'beseni la ntchito yokhayo, madzi akewo mukathire m'chimbudzi kapena m'dzenje kumene ana sasewerako. Mandimu, viniga ndi mchere zimachotsa fungo, koma sizipha tizilombo mokwanira. Firiji nayo siipha, imangotigoneka. Wakupha ndi moto.

Pa moto, WHO imanena madigiri 70 mkati mwa nyama, a ku America amati 74 pa nkhuku. Ndi nyumba zochepa zimene zili ndi choyezera, ndiye bayani pa mfundo ya ntchafu, pamene pamachedwa kupsa: madzi otuluka akhale oyera, nyama isakhale yofiirira. Nkhuku zoyera zimene zinaumitsidwa nthawi zina zimada pa fupa ngakhale zitapsa, chifukwa mafupa ake ndi anthete, ndipo zimenezo si vuto. Choopsa ndi ntchafu yaikulu yoponyedwa m'mafuta kapena pa makala mkati ikadali ndi ayisi, kunja n'kupserera mkati muli mwaiwisi.

Youma gwa isungunukire m'firiji, m'mbale yozama pa shelefu yapansi kuti isadonthere zina. Ngati magetsi palibe, ikhale m'pulasitiki yomanga bwino m'madzi ozizira osinthidwa mphindi 30 zilizonse, ndipo iphikidwe nthawi yomweyo. Madzi akasowa ndi bwino kuiika mumphika ili youma, n'kuwonjezera nthawi yophika ndi theka, kusiyana ndi kuisiya padzuwa.

Pogula, ya m'paketi muyang'ane ngati muli madzi ofiira oundana pansi kapena ayisi wambiri mkati: imeneyo inasungunukapo n'kuumanso, isiyeni. Muigule pomaliza, mukakwera kombi mulunjike kunyumba, ndipo ikhale m'jumbo yakeyake, osati pamodzi ndi tomato ndi buledi. Zipalapasiro, mitu, ziwindi ndi matumbo zoyalidwa pa tebulo m'mbali mwa msewu zimawonongeka msanga kuposa nyama ina. Zogula m'mawa kwa munthu amene wazinga tsiku lomwelo ndi zina, za madzulo zimene zakhala padzuwa ndi ntchentche ndi zinanso. Yamoyo ikhale yochangamuka, maso owala, lipombo lofiira, kumbuyo kopanda zitosi zomata. Yofa yokha, kaya ndi chitopa kaya ndi chiyani, siyogula ngakhale itatchipa bwanji. Funsaninso woweta ngati nkhuku zamwa mankhwala posachedwa, chifukwa pa paketi ya mankhwala aliwonse pamalembedwa masiku oyenera kudikira nkhuku isanazingidwe.

Za matabwa awiri odulira a mitundu yosiyana sindinatayirepo nthawi, nyumba zambiri zili ndi limodzi. Dongosolo ndi limene limathandiza: zodyedwa zosaphika ziyambe kudulidwa n'kuchotsedwapo, nkhuku ibwere pomaliza. Ikatha, tebulo, mipeni ndi beseni zitsukidwe ndi sopo, kenaka zithiridwe madzi owira kapena madzi a Jik, supuni yaikulu imodzi pa malita 4, n'kuuma padzuwa. Manja asambidwe ndi sopo pa madzi othira, osati m'beseni la onse. Kansalu kopukutira kaja ndiko ndimakada kuposa zonse, chifukwa kamanyamula za pa tebulo kupita pa mbale iliyonse imene kakhudza. Ndipo zakudya zonyamulira kunyumba m'majumbo, zimene pa zochitika zathu sizilephera, ziwerengedwe maola ake kuyambira pamene zinachoka pa moto, osati pamene zafika pakhomo.

Kukumana kwa ankhoswe

Tinakumana Loweruka lotsatira kunyumba kwa mkulu wa mpingo, osati kwa mbali iliyonse. Sindinayambe ndi mayina a mabakiteriya. Ndinajambula pa pepala maola a mphika kuyambira Lachisanu usiku, ndi mndandanda wa amene anadya chiyani, opanda mayina. Zimene zinamasula anthu si pepala langa kwenikweni. Malume a mkwatibwi anaimirira n'kunena kuti, "Asewere, inenso ndinagona kuchimbudzi usiku umenewo. Mlongo wangayu akanandithirira ine?" Anthu anaseka, ndipo nkhoswe ya kuchimuna inapempha kuti uthenga wina utumizidwe ku Ntcheu wokonza woyamba uja. Ndinapemphanso kuti mayi woweta nkhuku auzidwe pamaso pa anthu kuti alibe mlandu, chifukwa makasitomala ake anali atayamba kuthawa.

Pa ukwati umene ukubwera anagwirizana kuti nkhuku zidzafika zamoyo Lachisanu madzulo n'kugona m'khola la woweta yemwe uja. Anyamata a mbali zonse ziwiri adzazinga m'bandakucha kuseri kwa nyumba ya anansi, akuchimuna adzawonjezera nkhuni ndi migolo iwiri ya madzi, ndipo mayi mmodzi wa ku mpingo sadzagwira ntchito ina koma kuyang'anira moto wa pansi pa msuzi. Saladi inavuta. Agogo, amene anali atangotuluka m'chipatala, anati isadzaonekenso pa ukwati wa mdzukulu wawo, koma akwati eni ake anakana. Anamvana kuti idzakonzedwa kunyumba ina kumene sikudzalowa nkhuku yaiwisi, ndipo idzabwera ola limodzi chakudya chisanagawidwe.